Momwe mungatchere barometa ya siteshoni ya zanyengo ya pakhomo panu

Tsiku limene ndinamasula siteshoni yanga ya zanyengo m'katoni munali mu Julayi, kumwamba kuli mbee, fumbi lili koboo m'misewu ya Lilongwe. Zoyezera mphepo ndi mvula ndinazimangirira pa mtengo wachitsulo kuseri kwa nyumba, kabokosi ka sikirini n'kukaika pabalaza. Kutentha kunaoneka kolondola, chinyezi chimodzimodzi. Koma pamene pamalembedwa pulesha ya mpweya panali 897, ndipo pambali pake panali kachithunzi ka mtambo wakuda ukukhuthula mvula. Mu Julayi! Kabuku ka malangizo kankanena za 1013. Ndinagona mtima uli m'mwamba, poganiza kuti ndagula chinthu chowonongeka.

Chinthucho chinali bwinobwino. 897 ija inali nambala yoona ya pabalaza panga, ndipo 1013 ya m'kabuku inali yoonanso, koma ya malo ena. Makina awa amachoka kufakitale asakudziwa kumene akukakhala. Sadziwa ngati akupita ku Durban m'mphepete mwa nyanja kapena ku Dedza pamwamba pa mapiri. Wowauza ndinu. Kudina mabatani kwake sikukwana mphindi khumi, koma kupeza nambala yoyenera kulowetsamo ndiko kumafuna kudekha, ndipo apa mpamene ambiri amapupuluma. Patulani sabata imodzi.

Nambala ziwiri zosayenera kusokonezedwa

Mpweya uli ndi kulemera kwake. Sitikumva chifukwa tinabadwira momwemo, koma barometa imakumva. Imayeza kulemera kwa mpweya wonse umene uli pamwamba panu, kuyambira pamene mwaima mpaka kumene mpweyawo wathera. Mukakwera phiri, mpweya wina mwausiya m'munsi, choncho nambala imatsika. Izi anazitsimikiza kalekale ku France mu 1648, pamene Florin Périer, mlamu wake wa Blaise Pascal, ananyamula barometa kukwera nayo phiri la Puy de Dôme n'kuona ikutsika pamene iye akukwera.

Kutsikako si kwamasewera. Kufupi ndi nyanja yamchere, mamita 8 aliwonse amene mwakwera amachotsa 1 hPa (hectopascal, muyeso wa pulesha ya mpweya). Kumtunda kuno, cha pa mamita 1,000, ndi mamita 9 kapena 10. Pa tsiku limene pulesha ya kunyanja yamchere ili 1013, barometa ya ku Senga Bay ingaonetse pafupifupi 958, ya ku Chileka 923, ya mumzinda wa Lilongwe 893, ya ku bwalo la ndege la Kamuzu 874. Tsiku ndi lomwelo, thambo ndi lomwelo, nambala zinayi.

Ndiyenera kutsindika mawu akuti "yamchere". Kwa ife munthu akati nyanja, maganizo amathamangira ku Salima, Nkhata Bay kapena Mangochi. Koma madzi a nyanja ya Malawi ali pamwamba ndi mamita pafupifupi 474 poyerekeza ndi Indian Ocean. Amene akukhala m'mbali mwa nyanja yathu asalembe ziro pamene makina akufunsa kukwera kwa malo. Akatero aphonya ndi 55 hPa.

Kuti anthu a m'malo osiyana athe kuyerekeza nambala zawo, a zanyengo amawerengera ngati kuti barometa iliyonse yatsitsidwa n'kukaikidwa pa mulingo wa nyanja yamchere. N'chifukwa chake pa sikirini yanu pali nambala ziwiri. Yoyamba imalembedwa ABS: iyi ndi imene sensa, kachipangizo koyeza pulesha, yamva pamalo pomwepo, yosawonjezera kanthu. Yachiwiri imalembedwa REL: iyi ndi ABS yomweyo itawonjezeredwa kuti ifanane ndi ya kunyanja yamchere. Makina ambiri atsopano amabwera nambala ziwirizi zili zofanana. Yotchera ndi REL. ABS musaikhudze pokhapokha mutakhala ndi umboni woti yalakwika, ndipo za umboniwo tifika.

Gawo loyamba: ikani kabokosi pamene kazikhala

Ambiri amaganiza kuti sensa ya pulesha ili panja limodzi ndi zoyezera mphepo. Pa masiteshoni a Ecowitt, Ambient Weather ndi Davis, sensayo ili m'nyumba, m'kabokosi ka sikirini kapena m'kabokosi kolumikizira intaneti. Siteshoni ya Tempest ndiyo imene ili nayo panja. Nyumba zathu sizitseka mpweya ngati botolo, choncho pulesha ya m'kati ndi ya panja ndi imodzi.

Sankhani malo amene kabokosiko kazikhala masiku onse, chifukwa mukakasuntha pambuyo potchera, makamaka kuchoka pansi kupita m'chipinda chapamwamba, mwasintha nambala. Nsanjika imodzi ndi mamita atatu, amene ndi 0.3 hPa. Pewani pawindo pamene dzuwa limawomba, pamwamba pa firiji, pa TV kapena pafupi ndi mbaula. Sensa izi zimadzikonza zokha kutentha kukasintha, koma osati bwino kwambiri, ndipo kabokosi kamene kakhala padzuwa la Okutobala kamapereka nambala yoyendayenda. Pewaninso pamene fani kapena makina oziziritsa m'nyumba akuwomba mwachindunji. Kanga kali pa shelefu ya mabuku, ku khoma la m'kati limene dzuwa silifikako.

Mukakayatsa, kasiyeni tsiku lathunthu musanayambe kulemba chilichonse.

Gawo lachiwiri: sankhani hPa

Lowani m'masetingi musankhe hPa. Ngati mwangoona mb kapena mbar, ndi chimodzimodzi. Makina opangidwira msika wa ku America amabwera ali pa inHg, muyeso wa mainchi, ndipo amaonetsa nambala ngati 29.92. Inchi imodzi ndi 33.86 hPa, koma musadzivutitse ndi masamuwo, ingosinthani. Mabwalo a ndege a kuno onse amagwiritsa ntchito hPa.

Gawo lachitatu: dziwani kukwera kwa malo anu

Apa mpofunika kufatsa, chifukwa kulakwitsa ndi mamita 20 n'kulakwitsa ndi 2 hPa, ndipo kwathu kuno 2 hPa ndi yambiri.

Foni yanu imatha kukuuzani kukwera kwa malo kudzera pa GPS, koma musakhulupirire nambala yoyamba imene yaoneka. GPS imadziwa bwino kumene muli, koma pa za kukwera imaphonyaphonya, mamita 10 kapena 20 nthawi zina kuposa apo. Imani panja, patali ndi malata ndi mitengo, mudikire mphindi zingapo nambala ikhazikike. Bwerezani m'mawa, masana ndi madzulo. Kenako tsegulani Google Earth pa kompyuta, muike kamuvi padenga la nyumba yanu, muwerenge kukwera kumene kwalembedwa m'munsi mwa sikirini. Ngati mungapeze mapu a boma okhala ndi mizere yosonyeza kukwera kwa malo, onaninso pamenepo. Mapu akale amalemba m'mafiti, ndipo fiti imodzi ndi mamita 0.3048. Njira ziwiri zikagwirizana mosapitirira mamita asanu, mwapeza. Pomaliza wonjezerani kutalika kwa pamene kabokosi kali kuchokera pa dothi: mita imodzi ngati kali pa tebulo, mamita anayi kapena asanu ngati kali m'chipinda chapamwamba.

M'chitsanzo chimene ndigwiritse ntchito kuyambira pano, nyumba ili pa mamita 1,070.

Gawo lachinayi: pezani woyerekeza naye wodalirika

Wotchi imatcheredwa poyang'ana wotchi ina imene mukuikhulupirira. Barometa chimodzimodzi. Yodalirika kwambiri imene aliyense angaione kwaulere ndi ya ku bwalo la ndege, chifukwa oyendetsa ndege amadalira nambalayo kuti adziwe kutalika kwawo kuchokera pansi potera. Mabwalo amatulutsa kalipoti kakafupi kotchedwa METAR, kawirikawiri ola lililonse, ndipo mungakapeze pa aviationweather.gov kapena pongolemba mu Google mawu akuti METAR ndi zilembo zinayi za bwalolo. Kamuzu ndi FWKI, Chileka ndi FWCL, Kenneth Kaunda ku Lusaka ndi FLKK, Tete ndi FQTT, OR Tambo ku Johannesburg ndi FAOR.

Kalipotiko kamaoneka chonchi:

FWKI 150800Z 12008KT 9999 FEW030 20/11 Q1019

Musaope zilembo zonsezo, mukufunamo zinthu ziwiri zokha. Kumapeto, Q1019 ndiyo pulesha yowerengeredwa kunyanja yamchere, imene a ndege amaitcha QNH. Kumayambiriro, 150800Z ikutanthauza pa 15 mwezi uno, 08:00 nthawi ya UTC, imene ndi nthawi ya dziko lonse. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali patsogolo ndi maola awiri, choncho 0800Z ndi 10 koloko m'mawa. Nthawiyo muziiyang'ana nthawi zonse. Malipoti amatha kuchedwa kufika pa intaneti, ndipo tsamba limangoonetsabe lakale. Ine ndinayerekezapo nambala yanga ya 3 koloko masana ndi lipoti la m'mawa, n'kupeza kusiyana kwa 3 hPa kumene kunalibe.

Pali kanthu kena kakang'ono. Polemba QNH amadula zonse za pambuyo pa kadontho, sakweza. Kaya ndi 1019.1 kaya 1019.9, zonse zimalembedwa Q1019. Kuti muime pakati, muziwonjezera 0.5. Q1019 muziiwerenga 1019.5.

Tsopano za amene simuyenera kuyerekeza nawo. Oyamba ndi mapulogalamu a zanyengo a pa foni. Nambala yawo kawirikawiri sichokera pa barometa ya pafupi nanu, ndi yowerengeredwa ndi makompyuta olosera nyengo. Kuwonjezera apo, njira yawo yotsitsira pulesha kunyanja yamchere ndi ina. QNH imawerengera ngati kuti mpweya uli ndi kutentha kokhazikika, madigiri 15 kunyanja yamchere ndipo ukuzizira ndi madigiri 6.5 pa kilomita iliyonse yokwera. Njira inayo imagwiritsa ntchito kutentha kwenikweni kwa tsikulo. Kwa wokhala ku Beira kapena London, kufupi ndi mulingo wa nyanja yamchere, ziwirizi zimangofanana. Kwa ife a kumtunda, tsiku lotentha, zimasiyana ndi 5 hPa kapena kuposa, ya pa foni ndiyo imakhala yotsika. Palibe yabodza, koma musazisakanize. Sankhani QNH, mukhale nayo.

Achiwiri ndi masiteshoni a anthu anzanu amene amaoneka pa tsamba la pa intaneti la Weather Underground. Ena ndi otcheredwa bwino, ena eni ake sanawakhudzepo chiwagulire. Simungadziwe pongoyang'ana.

Bwalo la ndege nalo lili ndi malire ake, ndipo ndibwino muwadziwe. Likhale pafupi, makilomita 30 kapena 40 osapitirira kwambiri, komanso lisasiyane nanu kwambiri kukwera. Bwalo la Kamuzu, limene lili ku Lumbadzi, lili pa mamita pafupifupi 1,230, pamwamba kuposa mzinda wa Lilongwe. Chileka ili pa mamita pafupifupi 780, m'munsi mwa Blantyre ndi mamita oposa 200. Chifukwa mpweya wathu ndi wofunda kuposa umene QNH imaganizira, mamita 100 aliwonse a kusiyanaku angabweretse cholakwika cha theka la hPa tsiku lotentha. Kukazizira cholakwikacho chimachepa. N'chifukwa chake ndimakonda kuchita ntchitoyi m'mawa, ndipo miyezi yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti.

Gawo lachisanu: lembani masiku asanu, pa ola lomwelo

M'madera otentha ngati kwathu, pulesha imakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku mosaphonya. Imafika pamwamba cha m'ma 10 koloko m'mawa, imatsika mpaka cha m'ma 4 koloko madzulo, imakweranso mpaka cha m'ma 10 koloko usiku, n'kutsikanso pang'ono mpaka cha m'ma 4 koloko mbandakucha. Zimachitika chifukwa cha mmene dzuwa limatenthetsera mpweya wa m'mwamba, ndipo kusiyana kwa m'mawa ndi madzulo kumafika 3 hPa kapena kuposerapo. Masana, pakati pa 12 ndi 3 koloko, nambala imakhala ikutsetsereka mofulumira, moti kuchedwa theka la ola kumasokoneza. Cha m'ma 10 koloko m'mawa imakhala itaima pachimake, sikukwera sikutsika. Imeneyo ndiyo nthawi yanu.

Sankhani masiku abata. Kukakhala mwera wamphamvu, chiperoni chikulowa kumene, kapena mitambo ya mabingu ikuunjikana, siyani tsikulo. Mphepo yowomba pa khoma la nyumba imakankha kapena kukoka mpweya wa m'kati, ndipo mvula ya mabingu imasintha pulesha pamalo amodzi osakhudza malo a makilomita 20 kuchokera pamenepo. Nthawi ya namondwe ndiye musayerekeze n'komwe.

Ikangokwana 10 koloko, lembani ABS yanu m'kope. Lipoti la 0800Z likatuluka, lembani QNH n'kuwonjezera 0.5, kenako chotsani ABS pa QNH. Tsamba lanu lizioneka ngati ili:

Lolemba: 1019.5 kuchotsa 897.0, kutsala 122.5
Lachiwiri: 1020.5 kuchotsa 898.1, kutsala 122.4
Lachitatu: 1018.5 kuchotsa 895.7, kutsala 122.8
Lachinayi: 1021.5 kuchotsa 898.6, kutsala 122.9
Lachisanu: 1019.5 kuchotsa 897.1, kutsala 122.4

Phatikizani zotsalazo, mupeza 613.0. Gawani ndi 5, mupeza 122.6. Imeneyi ndiyo nambala imene mwaivutikira sabata yonse.

Yang'anani mmene zotsalazo zakhalira. Apa zonse zili pakati pa 122.4 ndi 122.9, ndipo kumwazikana kotere n'koyembekezeka chifukwa cha kudula kwa QNH kuja. Tsiku limodzi likapatuka lokha, mwachitsanzo 125, lifafanizeni muwonjezere tsiku lina. Koma zikamasiyana ndi 2 kapena 3 tsiku lililonse, musapitirire. Mwina mukuwerenga malipoti a ola lolakwika, mwina kabokosi kali pamalo potentha, mwinanso bwalo limene mwasankha lili kutali kwambiri.

Ngati ntchito sikulolani kukhala pakhomo 10 koloko, makina olumikizidwa ku intaneti amasunga zonse, ndipo madzulo mungabwerere pa galafu n'kuwerenga ABS ya ola limenelo.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: onani ngati ABS ikunena zoona

Kukwera kwa malo kumene munapeza kuja kukugwira ntchito apa. Kuchokera pa QNH ndi kukwera kwa nyumba, mungawerengere ABS imene sensa yabwino iyenera kuonetsa. Tsegulani Excel kapena Google Sheets, mulembe m'kabokosi kamodzi izi, kusintha 1019.5 ndi 1070 kuti zikhale nambala zanu:

=(1019.5^0.190263-0.00008417*1070)^5.25588

Yankho ndi 896.8. Lolemba lija sensa inaonetsa 897.0. Kusiyana ndi 0.2 basi, ndiye kuti sensa ili bwino ndipo kukwera kwa malo munakupeza bwino.

Kusiyana kukakhala kosapitirira 1 hPa, isiyeni ABS. Tisensa ta mtundu wa BMP280 ndi BME280 ta kampani ya Bosch, timene timapezeka m'zipangizo zambiri zotsika mtengo, opanga ake amati tingaphonye ndi 1 hPa uku kapena uko, ngakhale kuti pa kumva kusintha kwakung'ono ndi takuthwa kwambiri, mpaka 0.12 hPa. Kusiyana kukakhala 2 kapena 3, kayikirani kaye kukwera kwa malo musanakayikire sensa. Mamita 20 ophonya ndi osavuta kuwapeza kuposa sensa yoipa.

Umboni weniweni woti ABS yalakwika umapezeka poika kabokosi kanu pambali pa barometa yodalirika. Nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo ili ndi masiteshoni m'madera osiyanasiyana, monga ku Chitedze, Bvumbwe ndi Makoka. Ngati muli pafupi ndi ina, pitani mukapemphe mwaulemu. Nenani bwinobwino chimene mukufuna: "Zikomo bambo, ndabwera ndi kabarometa kanga ka kunyumba, ndimapempha ngati mungandilole kuyerekeza ndi yanu. Ndikufuna pulesha ya pamalo pano, yosatsitsidwa kunyanja yamchere." Akakulolani, ikani kabokosi kanu pa mulingo umodzi ndi barometa yawo, kali pa mabatire kapena pa power bank, mudikire theka la ola kazolowere kutentha kwa m'chipindamo, kenako lembani nambala zonse ziwiri. Kusiyana kumene mwapeza pamenepo ndiko kokha koyenera kulowetsa pa ABS. Mukasintha ABS, bwerezani masamu a gawo lachisanu ndi ABS yokonzedwayo, chifukwa pa makina ambiri REL imamangidwa pamwamba pa ABS, ndipo ina ikasuntha inzake imasunthanso.

Gawo lomaliza: lowetsani nambala

Makina amafunsa m'njira zitatu, ndipo muyenera kudziwa imene anu akugwiritsa ntchito.

Ena amafunsa nambala yowonjezera, imene amailemba kuti offset. Pa Ecowitt mumaipeza mu pulogalamu ya pa foni, pa tsamba la Calibration. Pamenepo lembani 122.6 pa mzere wa REL, musunge.

Ena amafuna kuti mulembe REL yeniyeniyo podina mabatani a pa kabokosi. Apa samalani: musalembe QNH ya m'mawa pamene nthawi ili madzulo. Werengani ABS ya mphindi yomweyo, wonjezerani 122.6, mulowetse yankholo. ABS ikakhala 895.2, REL ikhale 1017.8.

Ena, monga a Davis, amafunsa kukwera kwa malo n'kumawerengera okha. Lowetsani mamita anu kaye, muonetsetse kuti makina sakuyembekezera mafiti. Mamita 1,070 ndi mafiti 3,510, ndipo kusokoneza ziwirizi kumapereka nambala yosamveka. Makina otere ena amaphatikiza kutentha kwa panja m'masamu awo, choncho nambala yawo siikhala yofanana ndi QNH nthawi zonse, makamaka masana otentha. Onani m'kabuku ngati pali posankha njira yotchedwa Altimeter, ndiyo yofanana ndi ya ku bwalo la ndege.

Mukamaliza, lembani nambala zanu zitatu, kukwera kwa malo, chowonjezera cha ABS ndi cha REL, pa kachidutswa ka tepi mumate kunsi kwa kabokosi, ndi deti lake. Magetsi akathima mabatire atatha, kapena pulogalamu ya m'kati ikasinthidwa, makina ena amaiwala zonse. Zinandichitikirapo, ndipo kope limene ndinalembamo linali litasowa. Ndinayambiranso sabata yonse.

Sabata yotsatira

Kwa masiku angapo, yerekezani REL ndi QNH pa maola osiyanasiyana. Zikamasiyana mosapitirira 1 hPa, mwamaliza, ndipo manja achoke pa mabatani. Chiyeso chachikulu ndi chofuna kukonza tsiku lililonse mukaona theka la hPa lasiyana. Musatero. Kusintha kulikonse kumasiya chidikha kapena chitunda chabodza pa galafu yanu, ndipo pakapita miyezi simudzathanso kusiyanitsa chimene nyengo inachita ndi chimene chala chanu chinachita.

Kawiri pa chaka ndi kokwanira, kamodzi m'nyengo yozizira, kamodzi mvula isanayambe. Mudzaona kuti nambala yowonjezera ija yasuntha pang'ono. Zifukwa zake ndi ziwiri. Sensa imasintha pang'onopang'ono ikamakalamba. Komanso chowonjezera chokhazikika ndi chidule chabe: pa mamita 1,000, ABS ikasuntha ndi 10 hPa, QNH imasuntha ndi pafupifupi 11. Popeza pulesha ya Juni ndi Julayi imakhala pamwamba kuposa ya Disembala ndi Januwale, nambala imene munatchera m'nyengo yozizira imadzakhala yokulirapo pang'ono nthawi ya dzinja.

Amene muli ndi barometa ya pakhoma yokhala ndi muvi, njira ndi yomweyi. Kumbuyo kwake kuli kasikuluwu kakang'ono. Gogodani galasi ndi chala pang'ono kuti muvi umasuke, kenako potozani kasikuluwu mofatsa mpaka muvi ufike pa QNH. Zambiri mwa izi zinapangidwira malo otsika a ku Ulaya, ndipo pa mamita 1,000 kasikuluwu kamatha muvi usanafike. Kakalimba musakakamize, mungathyole za m'kati. Amene munadzipangira siteshoni ndi BME280 pa Raspberry Pi kapena ESP32, ikani sensa patali pang'ono ndi bolodi chifukwa imatentha, ndipo kabowo ka pamwamba pa sensa kasatsekedwe ndi guluu kapena tepi. Mzere wa m'pulogalamu umene uli ndi 1013.25 ndi wowerengera kukwera kwa malo, si wotchera pulesha.

Ndibwerere ku kamtambo kakuda kaja. Nditatchera REL kanachoka patapita masiku ochepa, koma mpaka lero sindikadalira. Tizithunzi tolosera timeneti tinapangidwira maiko ngati Britain, kumene pulesha imatha kugwa ndi 20 hPa tsiku limodzi mvula ikamabwera. Kwathu mvula yambiri ya dzinja ndi ya mabingu, imene imapangika masana chifukwa cha kutentha ndi chinyezi, pulesha isanasunthe kwenikweni. Ndiye makina akaona kutsika kwa masana kuja, kumene kumachitika ngakhale mu Sepitembala kopanda mtambo ndi umodzi womwe, amathamangira kujambula mvula. Ngati anu ali ndi alamu ya namondwe yolira pulesha ikatsika ndi 3 hPa pa maola atatu, mudzaimva ikulira masana ambiri. Ikwezeni ifike 4 kapena 5.

Kuwerenga kothandiza ndi kuyerekeza ola ndi ola lomwelo la dzulo: 10 koloko ya lero ndi 10 koloko ya dzulo, 4 koloko ndi 4 koloko. Mukatero kukwera ndi kutsika kwa tsiku ndi tsiku kumafafanizika, n'kutsala kusintha kwenikweni. M'miyezi yozizira, nambala ikakwera ndi 2 kapena 3 kuposa dzulo, kawirikawiri ndiye kuti mpweya wozizira wochokera kum'mwera chakum'mawa ukulowa, umene umabweretsa chiperoni ku Thyolo ndi Mulanje ndi mwera panyanja. M'dzinja, ikamatsika masiku awiri kapena atatu otsatizana, tcherani khutu ku wailesi mumve zimene a zanyengo akulengeza za ku Mozambique Channel, njira imene namondwe Freddy anadzera asanafike kuchigawo cha kum'mwera mu Marichi 2023. Chenjezo la namondwe limachokera kwa iwo, amene amaona nyanja yonse pa setilaiti. M'kope lanu jambulani mzere wina wolembamo kusiyana kwa lero ndi dzulo, muzidzaza m'mawa uliwonse 10 koloko.